Khadi la Ulusi Wofiira la Mayi Makwinja

Si zoona kuti mayi Eness Makwinja anafunsira mwamuna pagulu. Ndikudziwa kuti mwamva choncho, poti nkhaniyi yakwera minibasi iliyonse yochoka ku Luwinga, ndipo ikamafika pa depoti imakhala itanenepa. Ena akuti anagwada. Ena akuti analira. Mayi wina wogulitsa nthochi pamsika waukulu akulumbira kuti panali mphete. Bodza lokhalokha. Mayi Makwinja sagwadira munthu, ndipo womaliza kuona misozi yawo ndi mzamba amene anawalandira pobadwa.

Muyambe mwawadziwa kaye. Kwawo ndi ku Luchenza. Sukulu analekezera sitandade sikisi, kenako analowa ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Limbe. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anakhala pa benchi imodzi, kupinda mapepala, kuboola, kusoka misana ya mabuku a nyimbo. Buku losoka iwo ukhoza kuligwetsa pa lole, tsamba silichoka. Mwamuna wawo, bambo Edson, anali dalaivala, munthu wofatsa, wosatukwana, wofika pakhomo ndi buledi nthawi zonse. Atamwalira, pamaliro panatulukira mayi wina wa ku Balaka ndi ana atatu, onse mphuno ya a Edson. Kuyambira tsiku limenelo mayi Makwinja munthu wofatsa amamuopa kuposa galu woluma. Ukawapatsa moni amayamba aganiza kaye chimene ukufuna.

Kampani ija itagula makina omata mabuku, inawauza kuti akapume. Mwana wawo Rebecca, amene amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni muno, anakawatenga mu Januwale chaka chatha. Mzuzu sanaukonde. Chifunga ankati chimabisa anthu oipa. Yewo ankati wachuluka: "Munthu akukuthokoza usanamupatse kanthu? Alipo chimene watenga." Koma za chiyankhulo anagamula msanga. Sabata yachiwiri yomwe anamuuza Rebecca kuti asavutike kuwamasulira.

"Ndikumva chilichonse ine. Chitumbuka n'Chichewa chokhota basi. Ukachiwongola chimamveka."

Ndiye anthu akamayankhula, iwo ankangogwedeza mutu ngati mkulu wa bwalo. Kutchalitchi ankapita mapemphero a Chichewa.

Rebecca akapita kuntchito, mayi ankasesa nyumba kawiri, n'kukhala pansi kuseri kwa katani kumayang'ana anansi. Manja aja ankangokhala pamiyendo ngati alendo. Tsiku lina mu Malichi anapita pa kashopu ka fotokope ku Luwinga konko kukajambulitsa mapepala a kuchipatala. Chitseko cha kuchipinda cha kuseri chinali chotsegula, ndipo anaona mayi wina wamagalasi akusoka buku. Anapirira mphindi imodzi. Yachiwiri inawakanika.

"Mayi inu, mukupha buku."

Mayi wamagalasiyo anali a Keziya Gondwe, mphunzitsi wopuma, mwini gulu limene limadzitcha Singano ndi Pepala. M'malo mokwiya anawapatsa singano ija.

Gululi n'la anthu asanu ndi atatu, ndipo limakumana Loweruka loyamba la mwezi, masana. Amaviika mapepala akale a mayeso, kusinja pamodzi ndi ulusi wa thunthu la nthochi, n'kuumba mapepala atsopano. Zikuto amapanga ndi makatoni a sopo ndi tizidutswa ta zitenje. Zimene amapindula musandifunse. Mwezi uliwonse a Keziya amatchula mutu, iwo amati thimu, ngati ya mpira: Chifunga, Nsapato, Mnansi Wanga, zoterozo. Aliyense amatola kapepala m'chitini, n'kupeza dzina la mnzake, n'kukamupangira khadi mobisa. Dzina sulemba, ndipo zilembo zimakhala zazikuluzikulu kuti dzanja lisadziwike. Khadi ukalandira umapita nalo kwanu mwezi wathunthu. Pamsonkhano wotsatira umaimirira n'kuloza amene ukuganiza kuti analipanga. Ukaphonya umatsuka makapu a tiyi.

Mayi Makwinja makapu sanatsukepo. Katatu konse analoza molondola, chifukwa iwo sayang'ana chithunzi, amayang'ana mfundo ya ulusi ndi m'mene mpeni unadutsira. Pasanathe miyezi iwiri gulu lonse linkawatcha aphunzitsi. Aphunzitsi! Munthu wa sitandade sikisi, pamaso pa a Keziya a satifiketi zawo. Ku Limbe zaka zonse zija ankangoitanidwa kuti "mayi a pa benchi". Sananene kwa munthu, koma Loweruka limenelo ankaliyembekezera kuyambira tsiku limene msonkhano wapitawo unatha, ndipo mu Mzuzu monse muno, kachipinda kaja ndi malo okha amene anali munthu.

Tsono mu Juni a Keziya anatchula mutu wakuti "Chimene Sindinakuuzeni". Mayi Makwinja anaukayikira pomwepo. Chinthu chimene munthu sanakuuze, ankatero mumtima, sichikhala chabwino. Mu Julayi, kukuzizira kolowa m'mafupa, analandira envulopu yawo, n'kukaitsegulira kunyumba.

Chikuto chinali chakuda. Msana wosokedwa ndi ulusi wofiira, nsonga zake zitasiyidwa zazitali, zikulendewera ngati zikudontha. M'kati munali dzanja lodulidwa papepala loyera, litagwira mpeni. Pansi pake zilembo: AMAMA, NKHUMUTEMWANI CHOMENE.

Mwana aliyense wa ku Chibavi akanawauza kuti mawuwa akutanthauza kuti ndimakukondani kwambiri. Koma mayi Makwinja anachita zimene amachita nthawi zonse, anachiwongola. "Nkhu" anaika pambali. "Mu" anaika pambali. Pakati panatsala "tem". Kutema. Chomene ankamudziwa kale. Anayang'ana mpeni, anayang'ana ulusi wofiira, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndikutemani kwambiri," anawerenga motsitsa mawu. "Ohoo. Si ndinanena?"

Kumufunsa Rebecca sakanatha. Choyamba, anali atamuuza kale kuti amamva chilichonse. Chachiwiri, Rebecca akanangoti, "Basi amayi, kugulu kuja musapitenso," ndipo iwo akanabwerera kuseri kwa katani mpaka imfa. Khadi analibisa pansi pa matiresi, n'kuyamba kufufuza okha.

Anayamba ndi a Keziya. Munthu amene unamuuza kuti akupha buku, iye n'kukumwetulira, ameneyo saiwala. Koma mfundo za a Keziya zimakhala zofowoka, ndipo iyi inali yolimba. Anaganizira Wezi Msiska, mayi wa zaka makumi atatu wotayipa makalata pa ofesi ina, amene ankawalanda chikwama kuti awanyamulire ndi kuwasungira mpando wa kudzuwa. Ulemu woterewu unkawadetsa nkhawa kuyambira kale. Koma Wezi dzanja limanjenjemera, mzere wowongoka sanadulepo chibadwire. Anamuchotsa.

Kenako ananunkhiza khadi lija. Ananyambita pakona. Guluu wake sanali wa ufa wa tirigu umene onse amaphika. Anali wa ufa wa chinangwa, wowawasira pang'ono. Ndipo m'gulu lonse munthu wophika guluu wa chinangwa ndi mmodzi yekha, amene amati tirigu n'zachibwana, kwawo ku Chintheche anamata nawo mabuku a sukulu kuyambira ali mwana.

A Overtoun Manda.

Taganizani nokha. Dzina lokha, Manda. Kuno ndi dzina wamba la anthu a ku Nkhata Bay, koma khutu la ku Luchenza limamva zina. Munthuyo ndi kalaliki wopuma, mkazi wake anamwalira zaka zisanu zapitazo, mkulu wa mpingo, wofatsa, wosatukwana. Wofatsa! Kugulu amabwera panjinga, chikwanje chili chomangirira pakaliyala, akuti akuchokera kudimba kwawo ku Kaning'ina. Ndipo mayi Makwinja asanabwere, wophunzitsa kudula mapepala anali iyeyo. Mu Meyi anali atamudzudzula pamaso pa onse: "Bambo Manda, mpeni sagwira ngati mukusenda chinangwa." Iye anangoti, "Yewo, aphunzitsi." Yewo ameneyo tsopano anamveka bwino.

Sabata yachitatu anaganiza zokaona ndi maso. Anakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Kaning'ina. Panjira anamuyesa wakabaza uja, bambo wa ndevu zaimvi, mozungulira.

"Achimwene, tinene kuti munthu wakulembera kuti, nkhumutemwani chomene. Iwe utani?"

Wakabaza anaseka mpaka njinga inapita m'mbali.

"Akulemberani inuyo, amama? Pa msinkhu umenewu? Aa, ingogonjani. Zimenezo sathawa. Akatsimikiza wa kuno, amakupezani ngakhale mutabwerera kwanu."

"Osapita kupolisi?"

"Apolisi akachite chiyani? Nawonso zimawagwera."

Mayi Makwinja anagwira chitsulo cha kumbuyo mwamphamvu. Anthu a mzinda uno, anaganiza, moyo wa munthu amauseka.

Dimba analipeza m'mphepete mwa nkhalango. Anaima kuseri kwa mtengo wa paini. A Manda anali atavula jekete, akugwetsa mathunthu a nthochi. Kamodzi, thunthu pansi. Kamodzinso, lina pansi. Munthu wogwira mpeni wa mapepala ngati wodwala, chikwanje ankachidziwa chonchi! Mwatsoka anatembenuka n'kuwaona.

"Monire, aphunzitsi! Mwabwera kudzationa? Awa ndikukonzera inu, a Loweruka lija."

Ankanena mathunthu, a ulusi wa mapepala. Mayi Makwinja anamva chikwanje. Anati amafuna nyumba ya munthu wina ndipo asochera, n'kubwerera chofulumira, msana ukuyabwa njira yonse.

Masiku otsatira Rebecca ankapeza chitseko chitatsekedwa ndi benchi dzuwa likuswa mtengo. Akafunsa ankauzidwa kuti ndi mphepo. Tsiku lina mayi anatsitsa sutikesi, n'kuikamo zitenje ziwiri. Atafika pa kathumba ka zida zawo, singano zopindika, chobowolera, fupa losalazira mapepala, anaima. Ku Luchenza akazisokera ndani? Achoke m'kachipinda kaja chifukwa cha kalaliki wopuma? Iyeyo akhalenso aphunzitsi, azidula mapepala mokhota, anthu n'kumamuombera m'manja? Sutikesi inabwerera pamwamba pa wadilopu.

Ku Limbe kunali kapitawo wina amene anawaopsezapo kuti adzaona. Iwo anamuyang'ana m'maso pamaso pa anthu onse n'kumubwezera mawu omwewo, osawonjezera, osachotsa. Sanawayandikirenso. Munthu woopseza mobisa, anaphunzira pamenepo, umamuyankha poyera ndi mawu ake omwe.

Ndiye anapanga makhadi awiri. La mwezi umenewo, la munthu amene anatola m'chitini, analimaliza tsiku limodzi. Linalo linawatengera masiku asanu ndi anayi. Pepala anaumba okha, losalala ngati la m'sitolo. Msana anasoka msoko umene sanaphunzitsepo aliyense, ndi ulusi wofiira wopota pawiri, kuti munthuyo adziwe kuti kufiira nawonso amakutha. Mawu aja anakopera chilembo ndi chilembo. Amene analiona akuti khadi lokongola chotero silinapangidwepo m'gulu lija, ndipo ndicho chinaipitsa zinthu.

Loweruka loyamba la Ogasiti anavala chitenje chatsopano ndi duku lowuma sitachi, poti munthu wopita kunkhondo sapita ngati wosauka. Anafika moyambirira n'kukhala moyang'ana chitseko. A Manda analowa ndi mtolo wa mathunthu, chikwanje anasiya panjinga. Tiyi atathiridwa, a Keziya anaomba m'manja.

"Tiyambe kuloza. Aphunzitsi, inu simuphonya, tiyambireni."

Mayi Makwinja anaimirira. Sanaloze ndi chala. Anayenda mpaka pamene panakhala a Manda, n'kuika envulopu patebulo.

"Bambo Manda, uthenga wanu ndinaulandira. Mwezi wonse sindinaganize china. Yankho langa ndi ili. Muwerenge mokweza, onse amve."

A Manda anapukuta manja pa thalauza, n'kutsegula. Anayamba asisita msoko uja ndi chala, mwaulemu. Kenako anawerenga ndi mawu awo a kutchalitchi:

"INENSO NKHUMUTEMWANI CHOMENE. SINDIBISA NDIPO SINDIOPA MUNTHU. NGATI NDINU MWAMUNA, KWATHU MUKUKUDZIWA."

Kenako Hudson, wojambula zikwangwani, amene pakamwa pake sipatsekeka, anaika kapu pansi.

"Adada, pukutani magalasi, mwina mwawerenga za eni."

"Ndawerenga bwino," anatero a Manda, mawu atachepa. Khosi linali likutuluka thukuta, mu Ogasiti. "Amama, ine ndine mkulu wa mpingo. Zinthu izi zili ndi njira yake."

"Njira yake ndi yomweyi," anatero mayi Makwinja. "Zobisalira m'maenvulopu ine ayi. Ndinabwera mpaka kudimba kwanu kudzakuonani m'mene mumachitira. Ndakuonani. Ndakonzeka."

"Eee!" anakuwa Hudson. "Anakayendera kale ndi munda womwe! Anthu a kummwera sachedwa!"

Wina anayamba nthungululu n'kuimeza pakati. Mayi Makwinja anayang'ana nkhope imodziimodzi. Ankayembekezera mantha, kapena mkwiyo. Anaona mano okhaokha.

"Munayamba ndinu," anawonjezera, koma mawu anali atayamba kuterera.

"Ine?" anatero a Manda. "Ine mwezi uno ndinatola Hudson."

"Ndipo palibe chokoma chimene anandilembera," anatero Hudson.

Apo mpando unakhuluka kumbuyo. Wezi anali ataimirira, manja atabisa m'juzi.

"Amama, khadi lija ndi langa."

"Iwe? Iwe sudula mowongoka."

"Ndinadula kakhumi ndi kanayi. Guluu ndinapempha kwa adada Manda, poti munanena kuti ndi wolimba. Dzanja lija ndi lanu, mpeni ndi wanu uja wa chogwirira chamtengo. Ulusi wofiira ndi umene munandiphunzitsira tsiku loyamba." Anayang'ana mayi Makwinja. "Amayi anga anamwalira ndili fomu wanu. Chichokereni iwo palibe anandigwirapo dzanja kundionetsa kanthu, mpaka inu. Ndinkafuna kunena kuti ndimakukondani, basi. Pa Chichewa ndinachita manyazi, ndiye ndinalemba m'chiyankhulo cha amayi."

Ndimakukondani. Mawu aja anatsika m'mutu mwa mayi Makwinja pang'onopang'ono ngati madzi a m'sefa. Anadutsa pa khadi lakuda. Anadutsa pa wakabaza. Anafika pa envulopu imene inali m'manja mwa a Manda, pa masiku asanu ndi anayi aja, pa NGATI NDINU MWAMUNA.

A Keziya sanaphunzitse ana zaka makumi atatu pachabe. Anali atawayang'ana nthawi yonseyi pamwamba pa magalasi. Anafunsa mofatsa, ngati munthu wotsegulira mnzake chitseko cha kuseri:

"Aphunzitsi, pepani. Mawu amene mwalembawa, tanthauzo lake mukulidziwa?"

Chitseko chinali chimenecho. Akanangoti ayi, nkhani ya a Manda ikanathera pomwepo. Koma Hudson akanafunsa kuti nanga mumayesa akuti chiyani, ndipo akanayenera kunena. Kuti miyezi yonseyi ankagwedeza mutu osamva kanthu. Kuti mkulu wa mpingo anamuyesa chigawenga. Kuti mphatso ya mwana wamasiye anaigoneka pansi pa matiresi ngati chinthu cha kwa sing'anga, n'kumatseka chitseko ndi benchi. Dzina la aphunzitsi likanafera pomwepo, pakanabadwa lina, ndipo Hudson akanalilemba ndi penti. Kachipinda kaja sakanalowamonso. Anayang'ana Wezi. Manja anali atatuluka m'juzi muja, ndipo zala ziwiri zinali ndi mabala a lezala amene anali asanapole bwino.

Mayi Makwinja anakonza duku.

"Mayi Gondwe, ine sindilemba chinthu chimene sindikuchidziwa."

Nthungululu imene inamezedwa ija inatuluka yonse. Hudson anaimba ng'oma pa katoni. A Manda anavula magalasi, anawavalanso, n'kuika khadi lija m'thumba la m'kati mwa jekete, kumanzere. Mayi Makwinja anapita kwa Wezi, anamugwira zala zija, anazitembenuza uku ndi uku.

"Lezala si mpeni. Loweruka likubwerali ubwere kunyumba, ndikupatse wanga wina. Ndipo mfundo yako yachiwiri inali yokhota."

Atatero anasonkhanitsa makapu onse asanu ndi atatu n'kupita nawo pampopi, poti anali ataphonya. Anawatsuka nthawi yaitali kwambiri.

Lachitatu lotsatira a Manda anafika pakhomo atavala tayi, ali ndi mlongo wawo wamkulu ndi phukusi la nsomba za batala zowamba. Mayi Makwinja anawalandirira pakhonde, chitseko chili chotsegula, ndipo nsomba zija anazinunkhiza imodziimodzi alendo akuona. Mlongoyo anayankhula Chitonga mphindi makumi awiri. Iwo sanagwedeze mutu ngakhale kamodzi. Anaitana Rebecca kuti akhale pambali pawo azimasulira liwu lililonse, ndipo pena ankamuuza kuti abwereze.

Mpaka lero sanavomere, sanakanenso. Akuti akumufufuza kaye munthuyo, ndipo atuma kale anthu awiri ku Chintheche kukaona ngati kuli ana a mphuno yake. Kugulu amapitabe, mpando wawo ndi womwe uja wa kudzuwa, ndipo akadali aphunzitsi. A Manda amakhala moyang'anana nawo, akudula mapepala mokhota kuposa kale, ena akuti dala, kuti adzudzulidwe. Zonsezi mayi anauza Rebecca yekha atamulumbiritsa, ndipo Rebecca anauza munthu mmodzi yekha atamulumbiritsanso, ndiye inu musapite nazo patali.

Zoona zake n'zakuti mayi Makwinja anapita kukaopseza a Manda kuti awatema, ndipo atadziwa chimene analemba, sanachibweze.